Tiyeni ku Kasisi Tikatambe Chimvula

Ku America kuli anthu amene amalipira madola masauzande kuti akwere ka basi n'kumathamangitsa chimvula. Zoona, si nthabwala. Kuyambira April mpaka June, makampani a maulendo amatenga alendo n'kuwazungulitsa m'zigwa za Oklahoma, Kansas na Texas, tsiku lonse pamsewu, maso kumwamba, kusakila mtambo umene ungabale tornado, chikavuluvulu chija chimene chimanyamula nyumba na mamotoka. Dziko lija limaona ma tornado opitirira 1,000 pachaka. Ngati munatamba filimu ya Twister ya 1996, olo Twisters ya 2024, mwadziwa kale zimene tikukamba.

Manje imwe, amene mvula ikayamba mumangoganiza za matope, za malata odontha na nsapato za ku nchito, munayamba mwaima n'kuiyang'ana bwinobwino ikubwera? Mu komboni thambo timaliona pang'ono chabe, kampata ka pakati pa malata a neba na mawaya a ZESCO. Mvula imangotigwera monga landilodi wobwera osauza munthu. Koma makilomita 30 chabe kuchoka pakati pa tauni, ku Kasisi m'boma la Chongwe, thambo lonse lili poyera. Kumeneko chimvula mumachiona chikubadwa, chikukula, chikuyenda, mpaka chikutha. Sipafunika viza, sipafunika madola. Pafunika nzeru, chifukwa masewera amenewa ali na mano.

Njira yake

Gwirani Great East Road, mupitirire Chelstone, pa raundabauti mukhotere mu msewu wopita ku Kenneth Kaunda International Airport. Musanafike pa eyapoti pali msewu wa Kasisi. Mukangoulowa muzaona kusintha: mipanda ya mabuloko iyamba kuchepa, minda iyamba kutambalala, mitengo ili patalipatali, ndipo maso anu, amene anazolowera kugunda chipupa pa mamita 10 alionse, azayamba kufika kutali.

Amene anasankha kumanga eyapoti kudera lino sanali opusa. Ndeke imafuna malo athyathyathya, opanda mapiri pafupi, ndipo chimenecho n'chimene wotamba mitambo amafunanso. Lusaka yonse ili pamalo okwera, mamita opitirira 1,100 kuchokera pa nyanja yamchere, koma kuno kukwerako mumakumva: thambo limaoneka ngati latsika kudzakhala pamutu panu.

Kasisi si malo atsopano. Mishoni ya Akatolika ya pano inayamba mu 1905 na wansembe wa chipani cha Jesuit, Jules Torrend, wochokera ku France, munthu amene anali katswiri wa zilankhulo za kuno. Chaka chimenecho n'chomwe njanji inafika pa kamudzi ka Lusaka. Tauni imene mumainyadira inadzakhala likulu mu 1935, pamene Kasisi inali itakwanitsa kale zaka 30. Lelo pali tchalitchi, sukulu ya atsikana ya Kasisi Girls, nyumba yosungirako ana ya Kasisi Children's Home imene yakhalapo kuyambira m'ma 1920, komanso Kasisi Agricultural Training Centre, sukulu ya zaulimi imene inatsegulidwa mu 1974. Ni malo a bata. Phokoso lalikulu pano ni la ndeke na la bingu.

Nthawi yabwino

Musapite mu June, muzangopeza mphepo na fumbi. Nyengo yake imayamba kumapeto kwa October, dzuwa likafika potentha mpaka phula kufewa, n'kupitirira mpaka March. Zokoma maningi ni mvula zoyamba, za November na kuchiyambi kwa December. Nthawi imeneyo mitambo imaima payokhapayokha, uku chimvula, uku dzuwa, ndiye mumaona thupi lonse la mtambo kuyambira kumapazi mpaka kumutu. Mu January na February nthawi zambiri thambo limangotseka lonse, mvula n'kumagwa tsiku lathunthu, palibe chotamba.

Eni dziko lino, Asoli, anayamba kalekale kuyang'ana kumwamba. Chaka na chaka, dzinja likayandikira, amasonkhana ku Chongwe pa mwambo wa Chakwela Makumbi, dzina lotanthauza kukokera mitambo pansi. Mfumu yaikulu Nkomeshya Mukamambo II amapempha mvula kwa Mulungu kudzera mwa makolo, amayatsa moto m'munda, n'kubzala mbewu zoyamba. Ndiye mukaima ku Kasisi foni ili m'manja, dziwani kuti anthu a kuno mitambo saitamba chabe. Amaidikira monga mwamene imwe mumadikirira malipiro a pamwezi.

Mwamene chimvula chimamangikira

Fikani cha m'ma 12:00. Kuzakhala kotentha, kwachinyezi, malaya akumata pamsana. Musadandaule, kutenthako ndiye nkhuni zake. Dzuwa limawotcha nthaka, nthaka imatenthetsa mpweya, mpweya wotentha n'kuyamba kukwera. M'miyezi imeneyi mphepo yonyowa yochokera ku nkhalango za Congo imatsikira kuno n'kukumana na ina yochokera ku nyanja ya Indian. Pokumanirana pake, pamene a zanyengo amapatchula ITCZ, mpweya ulibe kothawira koma kumwamba. Ukakwera umazizira, chinyezi chija n'kusanduka timadontho. Mtambo ni umenewo.

Poyamba muzaona timitambo toyera monga thonje, pansi pake pali phwatalala ngati wina wadula na mpeni. Sankhani kamodzi, mukayang'anitsitse mphindi 10. Muzaona kakufufuma monga thovu la chibuku, mutu pamwamba pa mutu. Tambiri timafa panjira. Koma kamodzi kazapitirira, kazatalika, mpaka kufika makilomita 12 olo kuposa, kumene kumazizira kwambiri moti madzi onse amauma kukhala ayisi. Pamenepo mutu wake umaleka kukwera, umayamba kufalikira m'mbali monga tebulo. Mukaona tebulo limenelo, dziwani kuti kamwana kaja kakula. A zanyengo amautcha cumulonimbus, ndipo oyendetsa ndeke amauopa: amauzungulira, olo kudikira m'mwamba mpaka uchoke pa eyapoti. Ngati munthu woyendetsa chindeke cha matani mazana amaupatsa ulemu, imwe wa pa njinga ndimwe ndani?

Cha m'ma 15:00 pansi pa mtambo pazada, kuda kwa buluu kopita ku makala. Kenako muzaona chinsalu chotuwa chikulendewera kuchoka kumtambo kufika pansi. Imeneyo ni mvula, ikugwa pa munda wa munthu wina makilomita angapo kuchoka pamene mwaima, imwe muli pa dzuwa. Nthawi zina chinsalucho chimathera m'malere osafika pansi, chifukwa madontho auma asanagunde nthaka. Nthawi zina muzaona zinsalu ziwiri olo zitatu mbali zosiyana, chilichonse chili na ulendo wake. Apa m'pamene muzamvetsa chifukwa chake ku Kaunda Square kumagwa chimvula pamene ku Chelstone anthu akuyanika zovala.

Ndiye kumabwera mphepo. Kunali zii, masamba osagwedezeka, mwadzidzidzi kamphepo kozizira kakumenyani kumaso, fumbi n'kunyamuka, mbalame n'kuthawira m'mitengo. Mpweya umenewo watsika na mvula kuchokera kumwamba, wagunda pansi n'kumwazikana monga madzi otayidwa pa simenti. Ndiwo umasasula malata mu komboni na kugwetsa mabilibodi mu Great East. Umabwera na fungo lija la dothi lonyowa limene aliyense amalikonda. Fungolo ni lokoma, koma ni belu lomaliza. Ngati mukali panja, mwachedwa.

Mtambo umodzi wotere kawirikawiri sukhalitsa, mphindi 30 mpaka ola limodzi watha mphamvu, ngakhale umatha kubala ina pambali pake. Nthawi zina umaponya matalala. Tornado yeniyeni kuno ni yosowa. Kavuluvulu amene mumamuona akuvina pa giraundi mu September ni chinthu china: iye amayambira pansi, kuli dzuwa, ndipo amangonyamula mapepala na mapulasitiki. Tornado imatsika kuchokera mu chimtambo, monga ija inagwetsa nyumba ku Tongaat, South Africa, mu June 2024. Ife chilombo chathu ni china.

Kaleza sacheza

Chimene chimapha kuno ni kaleza, mphezi. M'kati mwa mtambo timiyala ta ayisi timagundana, kukwera na kutsika, mpaka magetsi adzaza. Akasefukira amadumpha, mtambo na mtambo olo mtambo na nthaka. Njira imene adutsa imatentha kufika madigiri pafupifupi 30,000, kuposa pankhope ya dzuwa. Mpweya umaphulika na kutenthako, ndipo kuphulikako ndiye bingu. Chigawo chathu chino cha Africa chili m'gulu la malo a kaleza wambiri padziko lonse. Kum'mawa kwa Congo, kwa aneba athu, kuli malo amene amaposedwa na nyanja ya Maracaibo ya ku Venezuela chabe.

Phunzirani kuwerenga. Mukaona kung'anima, yambani: wanu, thu, firii, mpaka mumve kugunda. Masekondi atatu alionse ni kilomita imodzi. Mukawerenga 30, kaleza ali pa makilomita 10, ndipo pamenepo muyenera kukhala muli kale m'kati. Musanamizidwe na dzuwa limene lili pamutu panu, kaleza amatha kudumpha makilomita 15 kutsogolo kwa mvula. Lamulo lake ni lapafupi: bingu likamveka, lowani. Likaleka, dikirani mphindi 30 musanatuluke.

Kulowa kuti? Malo abwino ni awiri chabe: nyumba yeniyeni yomangidwa bwino, olo motoka ya denga lachitsulo, mawindo otseka, manja osagwira zitsulo. Chimene chimakutetezani mu motoka si matayala monga ambiri amakambira. Ni thupi lachitsulo limene limatenga magetsi n'kuwapititsa pansi, imwe muli m'kati. Ndiye chifukwa chake ulendo uno si wa pansi, si wa njinga, si wa honda, si wa kumbuyo kwa kanta. Sonkhanani anayi, mupangane na wa takisi amene mumamudziwa, mugawane mtengo. Motokayo ndiye mpando wanu, ndiyenso chishango chanu.

Kantemba, chisakasa cha pa sitesheni, khonde lotseguka: zimenezi zimatchinga madzi, sizitchinga kaleza. Pansi pa mtengo ndiye poipitsitsa, makamaka mtengo woima wokha pakati pa munda, umene ku Kasisi uzakukopani na mthunzi wake. Kaleza akamenya mtengo, magetsi amayenda m'nthaka mozungulira, n'chifukwa chake ng'ombe zimafera pamodzi pansi pa mtengo umodzi. Chokani pa chulu, chokani pa damu, musatsamire waya wa mpanda. Ndipo anyamata a bola, mvetserani: giraundi ni malo oyera, imwe ndimwe chinthu chachitali pamenepo. Bingu likagunda, gemu yatha, olo mukuwina.

Tinakula tikuuzidwa kuti osavala zofiira mvula ikamagwa, kuti tiphimbe galasi, kuti foni imaitana kaleza. Kaleza saona mtundu wa malaya ndipo sadziyang'ana pagalasi. Foni ya m'manja siimukoka. Choopsa ni foni imene ili pa chaja ku chipupa, chifukwa magetsi amatha kulowera mu mawaya a nyumba. Chimodzimodzi kusamba olo kutsuka mbale pa pompi nthawi imeneyo. Palinso nkhani ija yakuti kaleza amachita kutumidwa na munthu. Nkhani imeneyi yadanitsa mabanja, ndipo nkhalamba zosalakwa zatukwanidwa nayo pamaliro. Kaleza amamenya mitengo, nsanja za mafoni na ng'ombe, zimene zilibe mlandu na munthu aliyense. Amafuna chachitali na chapafupi, basi.

Ichi chokha musaiwale: munthu amene wamenyedwa na kaleza alibe magetsi m'thupi. Mugwireni, musamuthawe. Ngati sakupuma, mugonekeni chagada, mukanikize pakati pa chifuwa mwamphamvu komanso mofulumira osaleka, wina akusakila thandizo na motoka yopita ku chipatala. Ambiri amene amamenyedwa amapulumuka, ndipo mphindi zoyambazo n'zimene zimalekanitsa moyo na imfa.

Ngati mukuganiza kuti ukatswiri ungakutetezeni, kumbukirani Tim Samaras. Anali mmodzi mwa akatswiri odziwika kwambiri othamangitsa ma tornado, wa zida zonse, wodziwika kuti ni wosamala. Pa 31 May 2013, ku El Reno m'chigawo cha Oklahoma, tornado yotambalala makilomita 4 inakula n'kukhota mwadzidzidzi. Anafa pamodzi na mwana wake Paul na mnzawo Carl Young. Mtambo sudziwa CV ya munthu.

Madzi a kwanu amapita ku Kasisi

Mvula ikakata, pitani mukaone mtsinje wa Ngwerere, muli patali na gombe. Muzaupeza wofiira, wothamanga, ndipo pamwamba pake pakuyandama zinthu zimene muzazizindikira: mabotolo a madirinki, mapulasitiki, mapatapata osweka. Zachokera kuti kumudzi kuno? Kwanu. Ngwerere imayambira mu Lusaka. Madzi a m'tauni amene amatsika na ngalande ya Bombay, kudutsa cha ku Garden na Mazyopa, amathira mu mtsinje umenewu. Umadutsa ku Kasisi, n'kukalowa mu Chongwe, Chongwe n'kukathira mu Zambezi. Botolo limene munaponya mu direni Lachiwiri likhoza kukupezani kuno pa Sabata. Ndipo limene silinafike kuno latsala kwanu, latseka kalavati, ndiye madzi aja amalowa m'nyumba usiku.

Walira mvula walira matope, akulu anatero. A ku Kanyama, Misisi na Chawama mwambi umenewu safunika kuwamasulira. Madzi akadzaza, zimbudzi zimasefukira, zitsime zosaya zimaipa. Kolera imene inayamba mu October 2023 inapha anthu opitirira 700 m'dziko muno, National Heroes Stadium inasanduka chipatala, masukulu anachedwa kutsegula. Koma chaka chomwecho tinaonanso mbali ina. Mvula inathawa pakati pa dzinja, ndipo pa 29 February 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala ni ngozi ya dziko lonse: pafupifupi mahekitala 1 miliyoni a chimanga anali atauma, mwa 2.2 miliyoni amene anabzalidwa. Kariba inatsika, malaiti anayamba kubwera monga mlendo, ba barber, ba welding na ma saluni anakhala manja lende, unga unakwera. Chimtambo chimene mukujambula chija ndiye nsima yanu, ndiye malaiti anu.

Alimi a kuno amadziwa kuti chimvula cha mkokomo si ndiye mvula yabwino. Madzi ambiri akagwa pa mphindi zochepa pa nthaka yopanda chofunda, amathamanga pamwamba n'kunyamula dothi lachonde. Ku Kasisi Agricultural Training Centre, kumene kuyambira cha m'ma 1990 amaphunzitsa ulimi wosadalira feteleza na mankhwala a m'sitolo, nkhani yaikulu ni imeneyi: phimbira nthaka na mapesi, thira kompositi, bzala mitengo m'munda, kuti dontho likagwa lilowe pansi m'malo mothawa. Yang'anani nokha mvula ikatha. Munda wosesedwa uzakhala na tingalande tofiira, wophimbidwa uzakhala utamwa madzi ake mwakachetechete.

Musananyamuke

Yambani mwamva za nyengo. A Zambia Meteorological Department amalengeza pa wailesi, pa TV na pa Facebook. Akachenjeza za chimvula champhamvu na kusefukira kwa madzi, limenelo si tsiku lotamba, khalani pa nyumba mukonze ngalande. Tsiku labwino ni la mvula ya apo na apo ya masana.

Nyamulani madzi akumwa, jombo olo nsapato zimene simuzazilira, kajuzi chifukwa kumazizira mvula ikapita, na kapulasitiki kosungiramo foni. Kaleza musamusakile na kamera ya zithunzi, chala chanu sichingamupeze. Ikani foni pa vidiyo, muitsamiritse pa windo muli m'kati mwa motoka, pambuyo pake muzasankha chithunzi chimene mwakonda.

Imikani motoka pamalo olimba, pambali pa msewu, kutali na mitengo na mapolo a magetsi. Tinjira tafumbi ta m'minda timaterera maningi tikanyowa. Madzi akadutsa pamwamba pa kabuliji, musayese, olo dalaiva anene kuti amapadziwa. Madzi ofika m'mawondo akhoza kukankha motoka yaing'ono, ndipo simungaone ngati pansi pakumbika.

Kumbukiraninso kuti muli kwa eni. Minda ili na eni ake, pemphani musanalowe, ndipo moni sagula. Ku mishoni kuli sukulu na nyumba ya ana: si malo a sipika na mabotolo, ndipo ana a eni sajambulidwa popanda chilolezo. Kufupi na mpanda wa eyapoti musaimepo n'kumajambula, ndipo drone isiyeni ku nyumba. Zinyalala zanu mubwerere nazo.

Mukakhala na mwayi, chimvula chizapita cha m'ma 17:00, dzuwa n'kutulukira pansi pa mitambo. Minda izawala, utawaleza uzaima kum'mawa, achule azayamba msonkhano wawo m'madambo. Ngati ni mvula zoyamba, inswa zizatuluka m'zulu, ana akuthamanga na mabeseni, mbalame zikudya phwando m'mwamba. Kukayamba kuda, yang'anani kutali kumene chimtambo chapita. Chizakhala chikuyaka m'kati monga nyali ya m'tenti, kung'anima kopanda phokoso chifukwa chatalikira. Imeneyo ndiye filimu ya tsikulo, ndipo ni ya mahala.

Mukatero bwererani msanga, tauni ikagwa mvula misewu imatseka. Lolemba, mnzanu wa pa nchito akayang'ana kumwamba n'kufunsa ngati izagwa, imwe muzaona tebulo lija pamwamba pa mtambo, muzamva kamphepo kozizira, n'kumuuza kuti atumize meseji ku nyumba achotse zovala pa waya.